Anthu 3,000 aona mkeka wanu, nanga bwanji palibe wagula?

Wogulitsa zoluka pa msewu wochoka ku Kamuzu Road kupita ku Senga Bay sasowa womuuza mmene malonda akuyendera. Amakhala pamthunzi, mipando yansungwi ili ndandanda m'mbali mwa tala, mikeka itapachikidwa, madengu ndi zipewa zamlaza zitasanjikizana. Galimoto ikadutsa osachepetsa liwiro, amadziwa kuti ameneyo si wake. Ikachepetsa, wina n'kutsitsa galasi, amadzuka. Munthu akatsika n'kuyamba kugwiragwira dengu, kulitembenuza kuti aone ngati kunsi kwake ndi kolimba, pamenepo ndiye kunenerera kwayandikira. Zonsezi amaziona ndi maso ake, ndipo pakutha pa chaka amakhala akudziwa tsiku lomwe a ku Lilongwe amabwera kunyanja, nthawi yomwe amabwerera, ndiponso katundu yemwe amakwana m'buti mwa galimoto yaing'ono.

Malonda akasamukira pa foni, maso aja amatsala kumsewu. Simuonanso yemwe wachepetsa liwiro, simuona nkhope ya munthu akamva mtengo. M'malo mwake mumapatsidwa manambala, ndipo ambiri mwa ife manambalawo amangotisangalatsa kapena kutikhumudwitsa, osatiphunzitsa kanthu.

Azakhali anga amaluka mikeka. Amayamba ndi kuyanika mlaza, kuung'amba, kunyika wina mu utoto, n'kuluka timizere tatitali tomwe pambuyo pake amatisoka pamodzi. Msuweni wanga anawatsegulira tsamba pa Facebook, ndipo tsiku lina chithunzi cha mkeka wofiira ndi wobiriwira, woyalidwa pamchenga nyanja ili kumbuyo, chinayenda kwambiri. Foni inangokhala kulira usiku wonse. Patapita sabata azakhali anandiitana nati: "Iwe mwana wanga, akuti anthu ambirimbiri auona mkeka uja. Nanga ndalama zake zili kuti?" Mkekawo unali ukadali wopinda pakona. Funso limenelo ndi lomwe ndikufuna kuyankha pano, chifukwa ndikudziwa kuti si azakhali okha amene analifunsa.

Tiyambe ndi komwe manambalawa amapezeka. Amene ali ndi tsamba la malonda pa Facebook amawapeza pa gawo lotchedwa Insights, kaya pa tsamba pomwepo kapena mu pulogalamu yotchedwa Meta Business Suite. Pa Instagram pamafunika kusintha akaunti kukhala ya bizinesi, zomwe ndi zaulere, koma kuti muone mizinda yomwe otsatira anu ali komanso zaka zawo, otsatirawo ayenera kufika 100. WhatsApp ndiyo imauma manja: pa sitetasi pamangokhala kadiso kakang'ono koonetsa omwe aona, ndipo pakatha maola 24 zonse zimafufutika. Komanso munthu amene anazimitsa timizere tabuluu toonetsa kuti wawerenga uthenga saoneka pa mndandandawo ngakhale ataona. WhatsApp Business, yomwe inatuluka mu 2018 n'kuwonjezera katalogi ya katundu mu 2019, ili ndi timalebulo toika pa makasitomala, ndipo timeneti tikuthandizani kwambiri kutsogoloku.

Nambala yomwe imaonekera pamwamba, yaikulu kuposa zonse, ndi ya views. Kuyambira chakumapeto kwa 2024 kampani ya Meta, mwini wa Facebook ndi Instagram, inaika nambala imeneyi patsogolo pa Instagram ndi pa Facebook pomwe. Imawerenga kuti chithunzi kapena vidiyo yaonekera kangati pa sikirini, osati anthu angati. Mlamu wanu akachiona m'mawa, masana ndi madzulo, awerengedwa katatu. Nambala ya reach ndiyo imayesa kuwerenga maakaunti osiyanasiyana, aliyense kamodzi. Koma ngakhale imeneyi, tikaibweretsa kumsewu wa Senga Bay, ndi chiwerengero cha magalimoto odutsa basi. Palibe wogulitsa mipando amene amapita kunyumba akusangalala kuti lero padutsa magalimoto 500. Ma-like ali ngati dalaivala woliza hutala n'kukweza dzanja: ndi ulemu, ndipo sitiukana, koma sugula ndiwo. Zomwe ine ndimaziyang'anitsitsa ndi ziwiri. Choyamba, amene asunga chithunzi kapena kuchitumiza kwa mnzawo, pakuti munthu sasunga chinthu chomwe sakuchiganizira, ndipo mayi akatumiza chithunzi cha lichero kwa mnzake wa mu komiti ya chinkhoswe, malonda ayamba kale. Chachiwiri, amene alemba uthenga. Ameneyu ndiye watsika m'galimoto.

Tsono apa ndi pomwe pali vuto lalikulu kwa ife a kuno, ndipo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Kumayiko komwe munthu amaona katundu, kudina n'kulipira pa sitolo yomweyo ya pa intaneti, makina amawerenga ulendo wonse. Mwachitsanzo pa Etsy, msika wa zopangidwa pamanja womwe unayamba mu 2005 ku Brooklyn, wogulitsa akatsegula Stats amaona alendo omwe afika pa sitolo yake, katundu yemwe aonedwa kwambiri, maoda, komanso pa alendo 100 alionse angati agula. Amaonanso komwe alendowo achokera, kaya pofufuza pa Etsy pomwepo, kaya pa masamba a mchezo, ndi mawu omwe analemba pofufuza. Izi ali nazo chifukwa ndalama zimadutsa m'manja mwa Etsy, yomwe imatenga masenti 20 a ku America pa katundu aliyense woikidwa kwa miyezi inayi, ndi 6.5 peresenti ya zomwe wagulitsa. Etsy imalola kutsegula sitolo yatsopano m'mayiko okhawo omwe ali pa mndandanda wa Etsy Payments, choncho wofuna njira imeneyo ayambe wayang'ana mndandandawo asanataye bandulo ndi nthawi.

Kuno ulendo wa kasitomala umaduka pakati. Amaona pa Facebook, amalemba "Zingati?" mu inbox kapena kusamukira pa WhatsApp, mumanenerera pa foni, amalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, katundu n'kukwera minibasi kapena kupita kwa onyamula katundu. Facebook imasiya kuona pomwe munthu wafunsa mtengo. Sidziwa ngati analipira, sidziwa ngati anathawa atamva ndalama ya thiransipoti, sidziwa kuti amene anagula mipando inayi sanapange like ngakhale imodzi. Ziwerengero za pa foni ndi theka la nkhani. Theka linalo, lomwe lili ndi ndalama, mulilemba nokha.

N'chifukwa chake ndimauza aliyense wogulitsa zoluka, ziboliboli kapena mbiya kuti agule kope la hadikava. Munthu aliyense wofunsa mtengo alembedwe mzere umodzi: tsiku, chomwe wafunsa, mzinda womwe ali, ngati walipira, ndipo ngati sanalipire, mawu omaliza omwe ananena. Pakhalenso malo a yankho la funso limodzi lomwe muzifunsa mwaulemu mukamacheza: "Mayi, kodi munationa kuti?" kapena "Bwana, anakuuzani za ife ndani?" Anthu amayankha mosavuta, ndipo yankho limenelo palibe makina angakupatseni. Amene sakonda kope agwiritse ntchito timalebulo ta WhatsApp Business, wofunsa akhale ndi mtundu wake, wolipira wake, wobwereranso wake. Ine ndimakondabe kope, chifukwa foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo batire limatha magetsi akazima.

Mukaphatikiza kope ndi Insights, mumakhala ndi manambala atatu: oona, ofunsa, olipira. Tiyerekeze zithunzi ziwiri. Choyamba chafikira anthu 3,000, ofunsa 15, wolipira mmodzi. Chachiwiri chafikira anthu 400 okha, ofunsa 12, olipira anayi. Pa chithunzi choyamba wofunsa ndi mmodzi pa anthu 200, ndipo pa ofunsa 15 wagula ndi mmodzi. Pa chachiwiri ofunsa ndi atatu pa anthu 100, ndipo pa ofunsa atatu alionse mmodzi akugula. Foni idzakuuzani kuti choyamba ndicho chapambana, mwina mpaka kukulimbikitsani kuti muchilipirire chifike patali. Kope likukuuzani kuti chachiwiri ndicho chikudyetsa ana.

Ubwino wa manambala atatuwa ndi wakuti amakulozerani pomwe pakudontha, ndipo mankhwala ake amasiyana. Ngati oona ndi ochepa koma mwa ochepawo ambiri akufunsa ndi kugula, katundu ndi mtengo zili bwino, chomwe chikusowa ndi anthu. Apa ndiye kutsatsa kuli ndi phindu: kuika m'magulu oyenera, kupempha makasitomala akale kuti aike pa sitetasi, ngakhale kulipira kumene. Ngati oona ndi ambiri koma ofunsa palibe, pali zinthu ziwiri zoti mukayikire. Mwina chithunzicho chikufikira anthu omwe si ogula, kapena sichikunena kuti chinthucho chikugulitsidwa. Mkeka wa azakhali uja unagwa m'mbuna imeneyi. Anthu ankakonda nyanja ndi mchenga, ndemanga zinali "kwathu ku Salima", "ndasowa chambo", ndipo pa chithunzipo panalibe mtengo, panalibe muyeso, panalibe nambala. Munthu wa ku Area 47 amene akufuna mkeka wa pakhonde amafuna kudziwa kuti ndi wautali bwanji ndipo ufika bwanji kwa iye, ndipo ambiri amachita manyazi kufunsa mtengo poopa kuti akaumva alephera.

Ngati ofunsa ndi ambiri koma olipira ndi ochepa, musawonjezere ndalama yotsatsira ngakhale tambala imodzi. Kumeneko kuli ngati kuthira madzi mu dengu. Bwererani mu kope muwerenge mawu omaliza a anthu aja. Ngati ambiri anasowa atamva za thiransipoti, vuto ndi mayendedwe, ndipo mwina yankho ndi kusonkhanitsa maoda a ku Lilongwe kuti azipita tsiku limodzi pa sabata, kapena kuika mtengo umodzi wophatikiza kale ulendo. Ngati ankati "nditumiza katundu akafika", vuto ndi chikhulupiriro, ndipo sitingawadzudzule, anthu ambiri anaberedwapo pa intaneti. Pamenepo zithunzi za makasitomala omwe analandira katundu, atakulolani kuziika, ndi kavidiyo ka manja anu mukuluka, zimagwira ntchito kuposa kutsitsa mtengo. Ndipo nthawi zina vuto ndi inu nomwe: munthu anafunsa 9 koloko m'mawa, inu n'kuyankha mawa lake chifukwa bandulo inatha, iye atagula kale kwina.

Mndandanda wa mizinda pa Insights ndi chinthu chomwe ambiri amangochidutsa, koma chimanena zambiri. Mukaona kuti otsatira anu ambiri ali ku Salima kapena ku Nkhotakota komwe kuno, dziwani kuti ambiri mwa iwo ndi abale ndi anansi omwe angathe kupeza dengu lomwelo pamsika, mwinanso azakhali awo amaluka. Mukaona Johannesburg kapena Cape Town pamwamba, kawirikawiri ndi ana athu omwe anapita kukasaka ntchito. Amakukondani, koma mpando wansungwi kuti ufike kumeneko ndi nkhani ina. Komabe musawataye, pakuti munthu wa ku Joni akhoza kulipira mphatso yoti mukapereke kwa mayi ake ku Benga kapena ku Dwangwa, ngati mwamuuza kuti zimenezo mumachita. Mzinda uliwonse uli ndi katundu wake. Mipando ndi madengu akuluakulu ndi za Lilongwe, komwe galimoto imafika tsiku lomwelo kudzera pa M14. Zinthu zazing'ono zopepuka, monga timikeka ta patebulo ndi tiziboliboli, ndi zomwe zingapite ku Blantyre, ku Mzuzu kapena kunja popanda thiransipoti kudya phindu lonse.

Za nthawi yoika chithunzi anthu amazikulitsa kuposa mmene zilili. Instagram imaonetsa maola omwe otsatira anu amakhala pa foni, ndipo ndi bwino kuwatsatira. Ngati mukufuna ogula akunja, kumbukirani kuti Johannesburg ili pa nthawi imodzi ndi ife, London ili m'mbuyo ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo, New York ndi maola 6 kapena 7. Zatha pamenepo. Chomwe chili ndi mphamvu kwambiri ndi kalendala. Kumapeto kwa mwezi anthu apantchito amakhala ndi ndalama, pakati pa mwezi amangofunsa. Miyezi yachilimwe, anthu atakolola, kumachuluka zinkhoswe ndi maukwati, ndipo malichero ndi madengu amafunika. Pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, ndipo wofuna mphatso ya mayi ake amayamba kuyang'ana masabata angapo tsikulo lisanafike. Ku America tsiku la amayi limakhala mu Meyi, ku Britain nthawi zambiri mu Malichi, choncho wogulitsa kunja asadabwe kuona ofunsa akuchuluka pa nthawi yomwe kuno kuli zii. Palinso zochitika za kunyanja zomwe zimabweretsa alendo, monga Lake of Stars yomwe mu Seputembala 2024 inachitikira ku Nkhotakota. Kope la chaka chimodzi limakuonetsani mafunde amenewa, ndipo chaka chotsatira mumayamba kuluka ndi kutsatsa mafundewo asanafike.

Ndati kuluka ndi kutsatsa, chifukwa pa zopangidwa pamanja ziwirizi sizilekana. Wogulitsa nsapato zopikula akaona kuti mtundu wina ukuyenda, amangokaoda zina. Woluka alibe mwayi umenewo. Mkeka umadya masiku, mlaza umafuna dzuwa, ndipo nthawi ya dzinja zoluka zimachita nkhungu zikasungidwa ponyowa. Kutsatsa mwamphamvu chinthu chomwe muli nacho chimodzi chokha ndi kudziitanira maoda khumi omwe simungawakwanitse, ndipo kasitomala wodikira mwezi wathunthu sabweranso, amauzanso anzake. Musanakankhe chithunzi, dzifunseni kuti manja alipowa angatulutse zingati pa sabata.

Pali chenjezo lomwe ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa ena onse kwa ife ogulitsa pang'onopang'ono: manambala aang'ono amanama. Sabata ino mwagulitsa madengu awiri, sabata yatha limodzi. Sikuti malonda akwera kawiri ayi, mwina mayi mmodzi anangolandira ndalama ya banki m'khonde. Wogulitsa zinthu mazanamazana pa tsiku angathe kuweruza ndi tsiku limodzi, koma wogulitsa zisanu pa mwezi ayenera kudekha, aone masabata anayi kapena kuposerapo asananene kuti njira iyi ikugwira. Ndipo poyesa, sinthani chinthu chimodzi basi. Ngati lero mwasintha chithunzi, mtengo, nthawi ndi gulu lomwe mwaikamo, malonda n'kuyenda, simudzadziwa chomwe chayendetsa. Ikani dengu lomwelo pa nthawi yofanana, sabata ino mtengo utalembedwa, sabata yamawa wosalembedwa, mubwereze kangapo, kope lidzakuuzani.

Tifike ku batani la Boost, lomwe Facebook imakuikirani pansi pa chithunzi chilichonse kuti mulipire chithunzicho chifikire anthu ambiri. Kulipira kwake kumafuna khadi, ndipo ndalamayo imapita kunja, choncho kugwa kwa kwacha kumakukhudzani mwachindunji. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo kutsatsa komweko kunayamba kudya makwacha ambiri. Ndalama yotereyi si yoponya mwachisawawa. Posankha cholinga, sankhani mauthenga osati ma-like, pakuti makina amakupatsani zomwe mwapempha: mukapempha ma-like adzakusakirani anthu okonda kupanga like, omwe mwina sanagulepo kanthu pa intaneti. Posankha malo, tchulani mzinda womwe kope lanu likuonetsa kuti kuli olipira, osati dziko lonse. Kenako werengani. Tiyerekeze kuti mwalipira K20,000, mwalandira mauthenga 25, ogula ndi awiri. Uthenga uliwonse wakudyerani K800, wogula aliyense K10,000. Ngati phindu la dengu limodzi ndi K6,000, mwaluza. Ngati munkatsatsa mipando yomwe phindu lake ndi K30,000 pa oda, mwachita bwino. Ndalama yomweyo, anthu omwewo, koma yankho likusiyana chifukwa cha katundu. Ndipo phindu lomwe ndikunenali muliwerenge mutachotsa mlaza, utoto, thiransipoti, bandulo, ndalama yodula potapa kwa ejenti, komanso masiku omwe munakhala pansi mukuluka, omwe ambiri aife timawaiwala ngati kuti ndi aulere.

Za ogula otsatira, kapena magulu aja a "nditsatire ndikutsatire", ndinena mwachidule: musalowemo. Kupatula kuti anthuwo sagula, amadetsa ziwerengero zanu, moti mndandanda wa mizinda ndi maola suzinenanso zoona za makasitomala anu enieni.

Kwa azakhali tinachita zomwe ndafotokozazi. Mkeka uja tinaujambulanso uli pakhonde, mpando uli pambali kuti munthu aone kukula kwake, mtengo ndi muyeso zitalembedwa pansi. Ma-like anachepa kwambiri, mpaka msuweni wanga anadandaula kuti tsamba lafa. Koma kope linayamba kudzaza, ndipo patapita miyezi ingapo tinakhala pansi madzulo ena kuliwerenga mzere ndi mzere, azakhali akung'amba mlaza. Mu gawo la "munationa kuti", mayankho ambiri a omwe analipira sanali a Facebook ayi. Anali akuti "ndinaona pa sitetasi ya mnzanga amene anagula kwa inu". Ndipo chomwe ankagula kwambiri sinali mikeka ikuluikulu yomwe tinkaitsatsa, koma timikeka ta patebulo tomwe azakhali ankangolukira mlaza wotsala. Azakhali anaika mpeni pansi nati: "Ndiye kuti aliyense wogula uzimupempha chithunzi katundu akafika, ndipo uzimuikira kamodzi kapamwamba." Mawa lake ananyika mlaza wa timikeka 24, ndipo msuweni wanga anajambula tisanu ndi kamodzi toyamba tili pa tebulo lodyera, mbale zili pamwamba.